Nkhongo Zimene a Lumo Anameta

Munthu amadziwa nkhope yake, koma nkhongo yake amaidziwa ndi wometa. A Lumo ankakonda kunena mawu amenewa akamasasa tsitsi pakhosi la kasitomala ndi kabulashi, ndipo anthu ankaseka poyesa ndi nthabwala chabe za pantchito. Dzina loti Lumo silinali la makolo ayi. Anawapatsa ndi anzawo pamene ankaphunzira kumeta, ndipo linakanirira mpaka lenilenilo linangotsala pachiphaso. Babashopu yawo inali kachipinda ka mamita anayi uku, atatu uku, kopanikizika pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wosoka makatani. Munali mpando umodzi wozungulira umene unasiya kuzungulira kalekale, benchi la odikira, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi kagalasi kam'manja kachogwirira chomanga ndi tepi. Makina ometera anali awiri: abwino, ndi ena oluma amene ankasungira anthu obwera ataledzera.

Zaka makumi atatu ataima kumbuyo kwa mitu ya anthu a mumsewu umenewo, ankaidziwa yonse. Wowotcherera zitsulo anali ndi makwinya atatu onenepa pakhosi. Dalaivala wa lole anali ndi njerewere kuseri kwa khutu lamanzere. Wokonza mawotchi anali ndi kadazi kozungulira kamene mwini wake ankakana kuti kalipo. Ndipo aliyense wodzuka pampando umenewo ankatuluka ndi chidindo cha a Lumo: mzere wowongoka kunkhongo, wopindika pang'ono pofika kukhutu lamanja. Dzanja lawo linangozolowera choncho, ndipo palibe amene anadandaulapo, poti palibe amene ankauona.

Chipani anachilowa chili chotsutsa, nthawi imene kuvala malaya ake kunali kuitana mwala. Nthambi yawo inalibe ofesi, ndiye ofesi inali benchi la m'babashopu. Kuseri kwa chitseko n'kumene kunkakhala mbendera, chidebe cha zomatira maposita ndi kope la mayina a mamembala. Msonkhano ukakhalapo, woyamba kufika anali a Lumo atasenza mabenchi, womaliza kuchoka anali iwo omwe akutola mapepala. Mabwana a kulikulu akabwera ankawapatsa moni wa nsonga za zala, maso ali kwina, n'kumawatcha achimwene chifukwa dzina sankalikumbuka. Zaka makumi awiri ndi ziwiri, abale! Munthu kusenza mabenchi mpaka phewa kuuma, osakhalapo ndi tsiku limodzi lomwe patebulo lakutsogolo lija loyala nsalu, pamene amaikapo madzi a m'botolo.

Akazi awo ankagwira ntchito yochapa nsalu kuchipatala, ndipo za chipani analibe nazo ntchito. Sankabisanso. Ankati chipanicho chimawakumbukira a Lumo mmene munthu amakumbukirira wilibala, pokhapokha pakakhala katundu. A Lumo ankayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, mayiwo n'kunena kuti nkhono imeneyo mwina inabadwa yakhungu. Chaka chilichonse a Lumo ankawadulira khadi la chipani osawafunsa, kuti mayina achuluke m'kope, ndipo mayiwo ankaliika m'buku la nyimbo kuti lizisunga tsamba.

Mnzawo weniweni m'chipanimo anali Ahedi, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, munthu wa mawu osalala ndi nsapato zopukuta. Ubale wawo unali wa magazi ndithu, ngakhale sanabadwe mimba imodzi. Chaka china cha chisankho, awiriwa akumata maposita pakhoma la msika dzuwa lili paliwombo, inafika galimoto yodzaza anyamata a chipani cholamula. Mwala wina unagulula dzino la a Lumo, wina unang'amba Ahedi kunkhongo. A Lumo, magazi ali chuchuchu mkamwa, anabereka mnzawo mpaka kuchipatala, ndipo nesi atasowa chometera, anatulutsa lumo lawo m'thumba n'kumeta mozungulira bala kuti asoke. Panatsala chipsera chachitali ngati chala, chopindika ngati mbedza.

Ahedi anali munthu wosamala maonekedwe, ndipo ankaopa kuti ana a sukulu aziwaseka akatembenukira kubolodi. Ndiye a Lumo anapeza njira. Ankasiya tsitsi lotalikirapo pamwamba pa chipseracho n'kulipesa kuti ligone, mwaluso moti ngakhale akazi a Ahedi anafika poiwala kuti chilipo. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse Ahedi ankabwera kudzakhala pampando, ndipo a Lumo akamaliza n'kutenga kagalasi kam'manja kuti awaonetse kumbuyo, Ahedi ankakankha dzanjalo. Ankati safuna kuona zakale, ndipo m'bale wawo amamukhulupirira. Zinayenda choncho zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, chipseracho mwini wake osachiona.

Kenako chipani chinawina, ndipo chinadzaza ngati basi ya kumapeto kwa mwezi. Anthu amene ankawoloka msewu akaona mbendera anayamba kulumbira kuti anabadwira m'chipanimo, kungoti ankachikonda chamumtima. Wina mwa iwo anali mwini shopu ya matayala ya pamphambano, amene aliyense ankamutcha Bwana Matayala. Bamboyu sanametetsepo kwa a Lumo, ankapita kumalo a mipando yachikopa m'tauni. Koma a Lumo ankaidziwa bwino galimoto yake, chifukwa ndi yomwe ija inanyamula anyamata oponya miyala. Tsopano inali itapakidwa mitundu ya chipani mpaka m'mawilo, mwini wake akuvina patsogolo pa aliyense, thukuta lili kamukamu. Zonyansa. A Lumo akamuona, lilime linkapita lokha pampata wa dzino lija.

Wapampando wa nthambi, mkulu wokalamba amene ankagona pamisonkhano koma sanabepo kanthu, atamwalira, likulu linalamula kuti pasankhidwe wina pakatha masabata atatu. Bwana Matayala anapereka dzina lake maliro asanaikidwe n'komwe. A Lumo maganizo oima analibe. Anawauza ndi Ahedi, atakhala pampando womwe uja, nsalu ili pakhosi, akuwayang'ana m'galasi.

"M'bale wanga, mpando umenewu ndi wanu. Kodi tilole munthu amene anatigenda akhale pamutu pathu? Imani. Tsikulo ine ndidzakhala woyamba kumbuyo kwanu, dzanja langa lili paphewa panu."

Mawu amenewo sanali okuluwika. M'nthambi za chipanicho sankavota ndi mapepala. Opikisana ankaima kutsogolo, aliyense womufuna n'kukaima kumbuyo kwake pamzere, ndipo wa mzere wautali ndiye wawina. A Lumo anazimitsa makina. Anadziona atakhala patebulo lija la nsalu, wina akuwatsegulira botolo la madzi, bwana wa kulikulu akuwatchula dzina. Si ulemerero umene ankafuna, wapampando wa nthambi salandira kanthu. Ankangofuna kuti anthu amene anawatumikira zaka zonsezi aime poyera n'kuvomera kuti anaziona.

Atakanena kunyumba, akazi awo anapitiriza kusita yunifolomu osadzutsa mutu. Anangofunsa kuti anthu amenewo awalonjeza ndi pakamwa kapena ndi chiyani. A Lumo anapsa mtima, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, n'kunena kuti Loweruka la chisankholo mayiwo adzaona ndi maso awo kuti mabenchi aja sankawasenza pachabe. Mayiwo anati chabwino, walira mvula walira matope, ndipo anawapempha kuti asunthe chifukwa akutchinga kuwala.

Kampeni ya Bwana Matayala inali ya phokoso. Ankagawa zipewa za chipani zolembedwa dzina lake pamphumi, ankagula zakumwa, ndipo pena paliponse ankanena mwambi umodzi womwewo, woti mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Anthu ankabwera kudzawauza a Lumo mwambiwo akuseka, ati Matayala akukulandani ndi lumo lomwe. A Lumo analibe zipewa, analibe galimoto. Anali ndi manja. Choncho analemba ndi choko pachitseko kuti sabata yomaliza yonse, aliyense wa khadi la chipani ameta ulere.

Ha, anthu kukonda zaulere! Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu benchi silinapume. Anabwera ndi omwe anameta dzana, anabwera ndi a dazi loti palibe chometa. Makina ankatentha mpaka a Lumo kumawakulunga m'kansalu konyowa. Mapazi anatupa, msana unauma, tsitsi losesa linadzaza thumba la simenti. Ndipo aliyense, nsalu ili pakhosi, ankalumbira osafunsidwa. Wowotcherera zitsulo anati iye ndi a Lumo ndi khoma limodzi, akapita kwina mphezi imuwombe. Dalaivala wa lole anati abwera ndi azilamu ake onse. Wokonza mawotchi, chipewa cha Matayala chikusuzumira m'thumba la thalauza, anati chipewa n'chipewa, munthu sakana mthunzi, koma mtima uli kuno. A Lumo ankagwedeza mutu, n'kudula kamzere kawo kaja kunkhongo mosamala kuposa masiku onse. Anameta mitu makumi asanu ndi itatu.

Womaliza Lachisanu madzulo anali Ahedi, ngakhale silinali tsiku lawo. Anati akufuna mawa aoneke bwino poima kumbuyo kwa wapampando watsopano. A Lumo anawameta modekha, n'kugoneka tsitsi pachipsera ngati mwa nthawi zonse. Ahedi anakankha kagalasi, n'kuwagwira mkono mwamphamvu potsanzika.

Loweruka a Lumo anavala jekete la ukwati wawo, limene tsopano silinkamangika batani, n'kulawirira kuholo. Anapeza mabenchi ali mulu pakona, palibe wowayala. Mukuganiza anatani? Anavula jekete, nalipachika pazenera, n'kuyamba kuyala mabenchi a chisankho chawo chomwe. Chizolowezi n'choipa. Pamene Bwana Matayala ankafika ndi mahutala, akununkhira mafuta odula, mnzake wopikisana naye anali ndi fumbi m'mawondo.

Woyendetsa chisankho anali bwana wa kulikulu, wa mafoni awiri, amene ankalankhula uku akuyang'ana wotchi. Anayamba n'kulamula kuti zipewa zonse zivulidwe, chifukwa muholo simuloledwa za kampeni. Zipewa zinalowa m'matumba, mitu yometa kumene inang'anima. Kenako anafotokoza nzeru yatsopano imene likulu linapeza. Anati kunthambi ina anthu anamenyana chaka chatha chifukwa wogonja anaona nkhope za amene anamukana. Ndiye tsopano opikisana aziyang'ana kukhoma osacheuka. Ovota aime pamizere mwakachetechete, awerengedwe, kenako onse atembenuke ayang'ane kukhomo. Akatero ndi pamene opikisana angatembenuke kuti aone kutalika kwa mizere ndi maso awo. Aona misana yokha, palibe nkhope, palibe udani.

Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali, ndipo ena anapumira m'mwamba moonekeratu. A Lumo nawo anaomba. Sanaganize kanthu.

Anaima moyang'ana khoma, mapazi atatu kuchokera pamene panaima Matayala. Patsogolo pawo panali penti wosupuka, msomali wopanda chopachikapo, ndi kanyerere kamene kankakwera n'kutsika. Kumbuyo kunayamba kumveka mabenchi akusunthidwa ndi nsapato zikukwekwereza. Kenako anamva dzanja likutera paphewa lawo lamanja, phewa louma lija, n'kukhala pomwepo osagwedezeka. Anatseka maso. Ahedi asunga mawu awo, anatero mumtima, ndipo ngati Ahedi ali pano ndiye kuti enawo alinso pano.

Bwana wa mafoni awiri anayamba ndi mzere wa Matayala. Ankawerenga mokweza uku akuyenda, ndipo mawu ake ankapita kutali, kutali, mpaka kumveka ngati ali pakhomo. Anafika makumi asanu ndi atatu kudza anayi. Anabwerera n'kuyamba mzere wa a Lumo. Sanayende n'komwe. Anathera pa khumi ndi mmodzi, n'kukhosomola, n'kulamula ovota kuti atembenuke, kenako opikisana.

A Lumo anatembenuka. Msana woyamba pamzere wawo unali wa diresi la maluwa limene ankaliona tsiku ndi tsiku pachingwe choyanikira, ndipo m'dzanja lotuwa ndi sopo wa kuchipatala munali khadi lopindika la m'buku la nyimbo. Anali akazi awo. Kutsogolo kwa mayiwo kunali amayi okalamba asanu ndi awiri amene ankasesa bwalo la misonkhano chipani chili chosauka, mlonda wina wogontha, ndi amuna awiri amene sabata imeneyo sanabwere n'komwe kudzameta ulere. Basi.

Ndiye anayang'ana mzere winawo. Kalanga ine! Likulu lonse ndi nzeru zake linaiwala kuti wopikisana mmodzi ndi wometa. Anthu aja anaima phee, atatembenuza misana, aliyense akudziyesa wabisala, koma kwa a Lumo kunali ngati awalembera mayina pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu. Makwinya atatu onenepa anali apo. Njerewere ya kuseri kwa khutu inali apo, pamodzi ndi azilamu ake onse. Kadazi kozungulira kanali apo, kakunyezimira. Mutu ndi mutu, mpaka kukhomo, kamzere kawo kowongoka kopindikira kukhutu lamanja, katsopano, koyera, kodulidwa ndi dzanja lawo lomwe mapazi atatupa. Anawameta okha kuti akaoneke bwino pamzere wa munthu wina.

Ndipo wachiwiri kuchokera kwa Matayala, pafupi moti akanatha kumugwira, panali mutu wa imvi, tsitsi lake litagonekedwa mwaluso pamalo amodzi kunkhongo. Padziko lonse panali munthu mmodzi yekha wodziwa chimene chili pansi pa tsitsi limenelo.

Sanamve mkwiyo, mkwiyo ukanakhala bwino. Anamva nseru. Malovu anadzaza mkamwa ngati munthu amene waluma chipatso n'kupeza theka la mphutsi, ndipo analibe polavulira, ndiye anameza. Bwana wa kulikulu analengeza wopambana, mizere inaphwasuka, anthu anasakanikirana msangamsanga, aliyense akuyesetsa kuti apezeke waima chapakati. Matayala anawakumbatira a Lumo pamaso pa anthu, mafuta ake onunkhira n'kutsalira pajekete la ukwati. Atakhala patebulo la nsalu, ananena kuti wapampando watsopano akufuna mlembi wodziwa kulemba, ndipo anatchula Ahedi. Ahedi anagwira pachifuwa, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati akufunafuna Ahedi ena, kenako anapita kutsogolo akupukusa mutu modzichepetsa. Wina anawatsegulira botolo la madzi.

Potuluka, bwana wa mafoni awiri anawagwira a Lumo pachigongono, n'kunena kuti achimwene, mabenchiwa abwerere pakona paja. Ndipo a Lumo, zoona zake n'zochititsa manyazi, anawerama. Dzanja linali litagwira kale benchi pamene akazi awo analimenya dzanjalo ndi khadi lija, n'kuwapatsa mkono. Anayenda limodzi mpaka kunyumba. Mayiwo sananene kuti ndinakuuzani, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo zimenezo n'zimene zinawapweteka a Lumo kwambiri.

Lolemba anatsegula babashopu, poti mimba sidziwa chisankho. Asanamalize kusesa, wowotcherera zitsulo anasuzumira pakhomo ndi nkhope ya pamaliro. Anati iye sanagone, anaima kumbuyo kwa a Lumo mpaka miyendo kuchita dzanzi, koma wa kulikulu uja anawerenga mwachinyengo. Masana anabwera dalaivala wa lole ndi nyimbo yomweyo. Wokonza mawotchi anafika pogwetsa msozi. Onse ankayankhula molimba mtima, poti ankadziwa kuti nkhope zawo sizinaoneke. Pofika Lachinayi a Lumo anali atapepesedwa ndi anthu makumi anayi ndi mmodzi amene anali m'gulu la anthu khumi ndi mmodzi aja. Sanatsutse aliyense. Ankangoti zikomo, Mulungu akudalitseni, n'kuyang'ana pansi.

Koma ntchito inawalowa nseru. Mitu imene anaigwira zaka makumi atatu osaganizapo kanthu, tsopano ankaimva mafuta ake, thukuta lake, timakwinya take. Akamaliza kumeta munthu ankasamba m'manja ndi sipiriti mpaka khungu kusupuka. Nthabwala yawo ya nkhongo ija anaisiya. Makasitomala ankati a Lumo akudwala mtima chifukwa chogonja, ndipo ankawalangiza kuti ndale zimafuna kulimba.

Ahedi sanaoneke mpaka Lolemba loyamba la mwezi. Anafika nthawi yawo yomwe ija ya mmawa, nsapato zikuwala, atapanira m'khwapa chikwama chatsopano cha mapepala. Pabenchi panali anthu awiri odikira, koma anawapatsa mpata poti ndi alembi a nthambi. Anakhala pampando, nakweza chibwano kuti amangidwe nsalu, n'kuyamba kulankhula asanafunsidwe. Anati mtima wawo unasweka tsiku lija. Anati ulembiwu anauvomera ndi misozi, kuti pakhale munthu wathu m'kati woyang'anira Matayala. Anati a Lumo asataye mtima, zaka zitatu zodikira chisankho china si kale. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti poti nthambi ilibe ofesi, wapampando akupempha kuti mbendera zizikhalabe kuseri kwa chitseko, ndiponso Loweruka likubwerali kuli msonkhano waukulu, ndiye za mabenchi palibe amene amazidziwa kuposa a Lumo.

A Lumo anamanga nsalu, n'kuyang'ana mnzawoyo m'galasi lalikulu.

"Ahedi, dzanja lija linali paphewa langa, linali lanu?"

"Nanga likanakhala la yani, m'bale wanga?"

Sanaphethire n'komwe. A Lumo anagwedeza mutu. Anasiya makina abwino pashelefu, natenga oluma aja, nachotsa kachipeso kakutsogolo kuti adye mpaka pakhungu. Anaweramitsa mutu wa Ahedi ndi zala ziwiri, monga ankachitira nthawi zonse, n'kuyambira m'khosi kukwera. Ahedi anadzidzimuka n'kufunsa kuti makinawa lero atani. A Lumo anati abwino aja atopa, anagwira ntchito kwambiri sabata ija. Tsitsi lotalikirapo lija, limene analisunga zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, linagwera pansalu kamodzi n'kamodzi. Anameta mutu wonse mofanana, bwinobwino, osalakwitsa paliponse, chifukwa ntchito yoipa sankaidziwa. Anadula kamzere kawo kunkhongo, nasasa ndi kabulashi, napaka sipiriti. Anthu awiri a pabenchi aja maso anali pankhongo ya Ahedi.

Kenako anatenga kagalasi kam'manja. Ahedi anatukula dzanja kuti akakankhe monga mwa masiku onse, koma ulendo uno kagalasiko sikanasunthe.

"Ayi, lero muone. Loweruka lija ine ndinaona zimenezi, wachiwiri pamzere wa Matayala. Nkhope munabisa, koma uku ndi kwanga."

Ahedi anayang'ana. M'galasi lalikulu munali kagalasi kakang'ono, ndipo m'kagalasimo munali chipsera chija, chotuwa, chonyezimira, chopindika ngati mbedza, timabowo ta ulusi wa nesi tikuoneka mbali zonse. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anakweza dzanja n'kuchikhudza ndi nsonga ya chala.

A Lumo anamasula nsalu n'kuikung'untha. Ahedi anadzuka, nayang'ana anthu a pabenchi, nayang'ana kumsewu kumene anayenera kudutsa mutu uli pamtunda. Kenako anatsegula chikwama chawo chatsopano, napisa pansi pa mapepala, n'kutulutsa chipewa cholembedwa dzina la Bwana Matayala pamphumi. Anachivala, nachikokera kumbuyo mpaka chitaphimba nkhongo, n'kutuluka.

A Lumo anapita kuseri kwa chitseko, natenga mbendera, chidebe cha zomatira ndi kope la mayina, n'kuziika panja pakhonde pamene aliyense wozifuna angazitole. Anabwerera, nasesa imvi zija n'kuzitaya m'thumba la simenti pamodzi ndi tsitsi la ena onse. Anasamba m'manja, n'kuitana wotsatira kuti akhale pampando.